Kamwana ka mbuzi kakayamba kupukusa mutu ndi kudzikhula pa mtengo

Mbuzi yaikulu imapirira. Itha kukhala ndi nkhupakupa zodzaza kunsi kwa mchira koma n'kumadyabe, n'kumaberekabe. Kamwana sikatero. Magazi ake ndi ochepa, moti utitiri umene make amangoukanda ndi mwendo n'kupitiriza kubzikula, kamwanako umakagwetsa m'masabata awiri okha. Ine ndimaweta mbuzi kuno ku Mchinji, mbali ya ku Mkanda, ndipo ana a mbuzi ambiri amene ndawaona akufa m'mudzi mwathu sanafe ndi matenda achilendo ayi. Anafa ndi tizilombo toti munthu akanatha kutiona, mwini wake ali pomwepo akuti, "Kangofooka chabe, mawa kadzuka."

Mankhwala alipo, m'masitolo a zaulimi pa Boma, pa Kamwendo, pa Kapiri. Chimene chimatipweteka ndi kugula tisanaone chimene chikudya chiweto, kuyeza mankhwala ndi maso, kuthira kamodzi n'kuiwala, kenako n'kubwezera kamwanako m'khola lomwe lija mmene muli gwero la vutolo. Ndiye tiyeni titsate bwinobwino kuyambira pamene mwakagwira.

Yambani ndi kukagwira n'kukayang'ana

Chitani izi m'mawa musanatsekule khola, kuwala kutangokwanira. Khalani pa mpando waufupi, kamwanako mukapane pakati pa mawondo, mutu uloze kutsogolo. Mukhale ndi tochi, ngakhale ya pa foni, thonje, ndi thumba la feteleza loyera lochapa bwino.

Makutu choyamba. Pindani khutu ngati mukutembenuza thumba, muwalitse mkati, ndipo musachite manyazi kununkhiza. Khutu labwino mkati mwake ndi mouma, mosalala, mopanda fungo. Mukapeza tinkhupakupa tofiirira titaunjikana m'mphepete ndi mkati, ndi nkhupakupa za m'makutu zimenezo, zomwe zimachuluka kwambiri mvula ikakhazikika, kuyambira Januwale mpaka Malichi. Mukapeza zouma zotuwa kapena zakuda zitamatirira, nthawi zina zitatseka bowo lonse ngati chivindikiro, ganizirani nthata za m'khutu. Palani pang'ono zoumazo, muike pa nsalu yakuda padzuwa, muyang'anitsitse: mudzaona timadontho toyera tikuyenda. Koma ngati khutu likutentha, likununkha, mukutuluka mafinya, ndi mphenga ameneyo, ndipo nthawi zambiri amabwera pambuyo poti nkhupakupa kapena nthata zaboola kale khungu.

Mukatha makutu, tsitsani chikope cham'munsi ndi chala chachikulu. Mkati mwake muyenera kukhala mofiira bwino. Mukakhala motuwa kapena moyera ngati pepala, magazi atha, ndipo kamwana koteroko kali pangozi ngakhale kakuyendabe. Njoka za m'mimba nazonso zimamaliza magazi chimodzimodzi, choncho musangoloza tizilombo ta pakhungu tokha.

Kenako imikani kamwanako pa thumba loyera lija, mukasisite mobweza ubweya kuchokera kumchira kupita kumutu. Tikagwa timichenga takuda, tidonthezereni madzi. Tikasungunuka n'kufiira, ndi ndowe za utitiri, ndiye kuti ndi magazi a kamwana kanu amenewo. Utitiri weniweniwo mudzauona ukuthamanga kumimba, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Njira ina yachidule ndi kulowa m'khola mutapinda buluku: ngati ulimo, simudikira nthawi, misongolo imadera pomwepo. Nsabwe ndi zaulesi, sizidumpha. Gawani ubweya pamsana, pakhosi ndi pamapewa, mudzaziona zitakakamira pakhungu, mazira ake atamatirira pa ubweya ngati timbewu toyera. Zilipo za mitundu iwiri, ndipo kusiyanitsa kwake n'kofunika pogula mankhwala: zotuwira zamutu waukulu zimangodya pamwamba pa khungu, pomwe zakudera zamutu wosongoka zimayamwa magazi.

Malizani ndi malo amene ambiri timawadumpha: kunsi kwa mchira, pamchombo, ndi pakati pa ziboda. Kamwana kotsimphina popanda chilonda chooneka, kawirikawiri kamakhala ndi nkhupakupa yaikulu ya mawangamawanga, ya miyendo yamizeremizere, italuma pakati pa ziboda. Imeneyo muiope. Mlomo wake ndi wautali, imasiya chithupsa, ndiponso ndi imene imafalitsa matenda odzaza madzi kumtima.

Mukapeza kanthu pa kamwana kamodzi, gwirani make ndi ana ena onse. Sizichitikachitika kuti nsabwe zikhale pa mwana yekha make alibe.

Kayezeni pa sikelo

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo ine ndimaumirirapo. Mankhwala a ziweto amayendera kulemera kwa thupi. Kamwana ka mbuzi zathu zachikuda kamabadwa ndi makilogalamu awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo kakafika miyezi itatu nthawi zambiri kamakhala kasanapitirire makilogalamu 10. Munthu woyeza ndi maso amakapatsa mlingo wa mbuzi yaikulu. Sikelo yopachika ija timayezera soya ndi mtedza ndi yokwanira. Boolani mabowo anayi pathumba kuti miyendo itulukire, kalowetseni, mupachike pa nthambi, muwerenge. Lembani penapake, ngakhale ndi khala pakhoma la nkhokwe.

Gulaninso sirinji yaing'ono ya 1 ml. Yaikulu ija ya 10 ml kapena 20 ml yobayira ng'ombe simungayezere nayo mlingo wa kamwana, mizere yake ndi yotalikirana kwambiri.

Kusamalira khutu

Wiritsani madzi, azizire mpaka akhale ofunda ngati mkaka wongokama, musungunulemo mchere supuni yaing'ono imodzi pa theka la lita. Nyowetsani thonje, mufinye, mupukute mbali ya khutu imene maso anu akuona. Thonje likada tayani, mutenge lina. Musalowetse kamtengo, nthenga kapena machesi kubowo. Kamwana kakagwedeza mutu mwadzidzidzi mudzaboola mkati, ndipo chilema chake n'chosabwezeka.

Ngati ndi nkhupakupa zochepa, zichotseni ndi manja. Gwirani pafupi ndi khungu penipeni, mukoke pang'onopang'ono mosatsomphola, kuti mutu wake usatsalire. Musaziphwanye ndi zikhadabo, ziponyeni pamoto. Zikakhala zambiri zounjikana, musalimbane nazo, mungang'ambe khutu. Sungunulani mankhwala a dibi pa mlingo wake, munyowetse kansalu, mupake pamene zalumapo ndi m'mphepete monse, osalola kuti madziwo atsikire kubowo. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri zimayoyoka zokha. Patsala tizilonda pakani mankhwala a buluu opopera pa zilonda aja kapena ayodini. Girisi wa nkhupakupa amene amagulitsidwa m'timabotolo amathandiza kuti zina zisabwerere msanga, makamaka m'dzinja pamene mbuzi zili pa chingwe m'mbali mwa dambo.

Ngati ndi nthata, zouma zija musazikanganule ziumire. Donthezani madontho anayi kapena asanu a mafuta ophikira aukhondo, mufikise patsinde pa khutu mpaka mumve kuti tcha tcha mkatimo, musiye kamwanako kapukuse mutu. Mawa lake zimakhala zafewa, mungopukuta. Mafutawo amatsamwitsa nthata zambiri, koma amene amamaliza ntchito ndi jakisoni wa ivermectin amene ndifotokoze kutsogoloku.

Pali malo awiri pamene muyenera kuchotsa dzanja lanu. Oyamba, ngati mafinya akuchokera mkati mwenimweni, kamwana kapendeketsa mutu mbali imodzi osauwongola, kapena diso ndi mlomo za mbali imeneyo zagwa, musathiremo chilichonse, ngakhale mafuta. N'kutheka kuti mkati mwabooka kale, ndipo zothirazo zingalowe kumene siziyenera kufika. Pukutani kunja kokha, mukaitane alangizi a ziweto kuti abaye mankhwala opha mabakiteriya kwa masiku okwanira. Achiwiri, khutu likatupa lonse ngati kapilo chifukwa chopukusa mutu kwambiri, mkatimo muli magazi. Musalicheke ndi lezala. Limadzazanso, ndipo mwatsekulira ntchentche khomo.

Ntchentchezo ndi zimene zimabweretsa mphutsi. Chilonda cha khutu chikayamba kudontha madzi ofiirira onunkha m'nyengo yotentha, yang'anani mkati, mudzaona tikusuntha. Tichotseni timodzitimodzi, mutsuke ndi madzi amchere aja, mupopere mankhwala a zilonda amene alembedwa kuti amapha mphutsi, ndipo muonemo tsiku lililonse chifukwa tina timabisala pansi. Amene muli ndi ana a atonde a mtundu wa Boer, a makutu ogwa aja, muziwapinda makutu sabata iliyonse. Mkati mwake simupita mphepo, choncho vuto limakula lisanaoneke.

Mphere

Mphere ndiye amene amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa amapha pang'onopang'ono mwini akuona. Amayambira kumaso, kuzungulira maso, m'mphepete mwa makutu ndi pamphuno, n'kumatsikira kukhosi ndi kumiyendo. Ubweya umathothoka, khungu limakhuthala, limachita makwinya ndi ming'alu ngati khungwa la mtengo wakale. Kamwana kamasiya kuyamwa n'kumangodzikhula pa nsichi za khola mpaka kutuluka magazi. Tizilombo take sitioneka ndi maso, timakumba mkati mwa khungu n'kuikira mazira momwemo. N'chifukwa chake zopaka pamwamba zokha nthawi zambiri sizimuthetsa.

Kapatuleni kaye pamodzi ndi make. Tenthetsani madzi, mutenge sopo wamba wochapira, munyowetse nkhanambo zonse kwa kanthawi, mukhule mofatsa ndi chisanza kapena chitsononkho chofewa. Musakakamize kuti zonse zichoke tsiku limodzi. Kaumitseni padzuwa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi musambitse dzuwa litakwera, chifukwa kamwana konyowa kakagona ndi chisanu cha kuno kamadzuka ndi chibayo. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja, popeza mphere wa mbuzi amayabwitsanso munthu.

Kenako jakisoni. Ivermectin amene timagula kawirikawiri ndi wa 1%, ndipo mlingo wolembedwa pabotolo ndi 1 ml pa makilogalamu 50. Ndiye kuti kamwana ka makilogalamu 10 kamalandira 0.2 ml, ka makilogalamu 5 kamalandira 0.1 ml. Ndi timadontho chabe, ndipo m'maso mumaoneka ngati n'tochepa, koma musawonjezere mwa nokha. Alangizi ena amakweza pang'ono mlingo wa mbuzi chifukwa thupi la mbuzi limachotsa mankhwala msanga; zimenezo asankhe ndi iwowo ataona chiwetocho. Mankhwalawa amabayidwa pansi pa khungu, osati mumnofu. Tsinani khungu kuseri kwa phewa kuti litukuke ngati kamsasa, mulowetse singano mogoneka patsinde pa kamsasako, mukoke pang'ono kuona ngati simukubwera magazi, mukankhe, mufikise. Kamwanako kadzalira kwambiri, kena kamadzigwetsa n'kugubuduzika kwa mphindi zingapo chifukwa amaluma. Zimatha zokha. Singano ikhale yatsopano kapena yowiritsa, ndipo musachoke nayo pa chiweto cha mphere kupita pa chabwino.

Ine ana osakwana mwezi umodzi sindiwabaya, ngakhalenso ofooka kwambiri oti sakuimirira. Oterowo ndimayamba ndawayamwitsa, kuwasambitsa ndi kuwapaka mafuta odzola pa nkhanambo, n'kufunsa alangizi.

Tsopano mvetserani apa. Jakisoni amapha tizilombo tamoyo, koma mazira sawapha. Pakapita masiku kamwana kamasiya kudzikanda, mwini amasangalala, botolo amalibweza kwa mnzake amene anabwereka. Mazira aja amaswa, ndipo mwezi usanathe mphere wabwerera, munthu n'kumati mankhwalawo anali achinyengo. Bwerezani pakatha masiku 10 mpaka 14. Mphere wokhwima amafuna kachitatu. Make nayenso abayidwe masiku omwewo pa mlingo wa kulemera kwake, ndiponso mbuzi zonse zogona khola limodzi, ngakhale zooneka zosalala.

Sikuti chilichonse chothothola ubweya ndi mphere. Zigamba zozungulira ngati ndalama yachitsulo, zotuwa, zosayabwa kwenikweni, ndi chipere. Ivermectin sachita kanthu pamenepo, pakani ayodini tsiku ndi tsiku, ndipo ana a pakhomo asamakanyamule chifukwa amatengera. Nkhanambo zokhuthala za pamilomo ndi matenda ena a kachilombo ka vairasi, amene amatha okha pa masabata atatu kapena anayi. Ntchito yanu ndi kufewetsa ndi mafuta odzola, kuona kuti kakuyamwa, ndi kuyang'ana nsonga za mawere a make, chifukwa zikachita zilonda amakana mwana. Timatotupa tolimba ngati njere za nandolo pansi pa khungu la pakhosi ndi pamapewa, totuluka zoyera zolimba mukatifinya, ndi mtundu wina wa mphere wovuta kuchiza; musatifinye, onetsani alangizi. Ndipo m'dzinja mukaona ubweya utamatana timagulu pamsana, mukazula n'kuchoka ndi nkhanambo yonyowa kunsi, amenewo ndi mabakiteriya okonda chinyezi ndi zilonda za nkhupakupa, amafuna jakisoni wa oxytetracycline ndi pogona pouma.

Utitiri, nsabwe ndi nkhupakupa za pathupi

Izi zimafuna mankhwala osambitsa kapena othira pamsana. Ivermectin amapha nsabwe zoyamwa magazi, koma zotuwira zija sazikwanitsa bwino, ndipo utitiri ndiye musamudalire n'komwe. Pa utitiri ndi nsabwe funsani mankhwala a ziweto okhala ndi cypermethrin kapena deltamethrin. Pa nkhupakupa ndi mphere, amitraz amagwira bwino. Wa 12.5% kawirikawiri amasungunulidwa 2 ml pa lita imodzi, kutanthauza 20 ml mu ndowa ya malita 10, koma werengani pepala la pabotolo lanulo chifukwa mphamvu zimasiyana. Simutha kuwerenga Chingerezi chake, musachoke pasitolo wogulitsayo asanakuwerengereni, ndipo mlingowo aulembe pa katoni. Safunsa anadya phula. Yezani ndi sirinji, osati ndi chitsekerero cha botolo. Amitraz wosungunula mugwiritse ntchito tsiku lomwelo, akagona amatha mphamvu, ndipo asakhudze abulu ndi amphaka.

Musanasambitse, ziwetozo zimwe madzi kuti zisanyambite mankhwala chifukwa cha ludzu. Sankhani m'mawa kusanatenthe, tsiku loti mvula sikubwera. Ana a miyezi iwiri kupita m'tsogolo ndimawasambitsa ndi kansalu m'beseni, kuyambira kumchira, mobweza ubweya kuti madzi afike pakhungu. Mutu ndimamalizira, nditaphimba maso ndi mphuno ndi dzanja. Make akasamba, ndimamusiya aume, n'kutsuka nsonga za mawere ndi madzi oyera mwana asanayamwe. Madzi otsala ndimathira m'dzenje kutali ndi chitsime, mjigo ndi dimba. Mankhwala amenewa amapha nsomba ndi njuchi, choncho musakatsukire ndowa kumtsinje.

Tiana ta masiku ochepa tokhala ndi utitiri timafuna manja anu, osati dibi. Madzi ofunda ndi sopo, thovu likhale pathupi kwa mphindi zisanu, mupese ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono, mutsukuluze, mupukute, mukaike padzuwa pamalo ena oyera. Mawa mubwerezenso ngati ulipo.

Ndifotokoze chimene chinandichitikira, chifukwa mpaka lero chimandiwawa. Chaka china mu Okutobala utitiri unabuka m'chigafa mmene ndinkagoneka ana a mbuzi fodya atatha. Ndinali ndi ana anayi. Munthu wina anandiuza kuti mankhwala otsala opopera fodya amapha utitiri nthawi yomweyo, palibe chifukwa chowonongera ndalama. Ndinathira m'ndowa mongoyerekeza, ndinawasambitsa masana dzuwa lili pamutu. Utitiri unafadi. Pasanathe ola tiana tija tinayamba kutuluka dovu, kunjenjemera, kudzandira. Mayi a kunyumba anathamanga ndi madzi ndi sopo, tinatsuka onse anayi mobwerezabwereza n'kuwaika pamthunzi. Awiri anatsitsimuka, awiri anafera m'manja mwathu dzuwa lisanalowe, make akulira pakhomo pa khola usiku wonse bere litatupa. Mankhwala a mbewu ndi a mbewu. A fodya, a thonje, a chimanga cha m'nkhokwe, musawayandikize pa chiweto. Chimodzimodzi madzi onyika fodya, amene kuno ndi ku Kasungu ambiri amawakhulupirira: chikonga chake chimalowa pakhungu la kamwana n'kukapha. Oilo wakuda wa galimoto ndi parafini zimawotcha khungu, ndipo kamwana kakanyambita zimakawononga mkati. Mukaona zizindikiro zija mutasambitsa ndi mankhwala aliwonse, tsukani msanga ndi sopo ndi madzi ambiri, muike pamthunzi, mutumize mwana akaitane alangizi atatenga botolo la mankhwalawo.

Za mthuthu, umene ena amati ombwe, ndinene chilungamo. Masamba ake osinja, onyika usiku wonse n'kusefa, amathandizadi pa nsabwe ndi nkhupakupa, ndipo ambiri tinaudzala m'minda pofuna chonde. Koma mitengo yake siyofanana mphamvu, ina imakhala yopanda kanthu, ndipo pa mphere wolowa mkati mwa khungu sufikapo. Ndimaugwiritsa ntchito pa mbuzi zazikulu ndalama zikavuta. Kamwana koyera m'maso kale sindikayesera nawo.

Khola

Utitiri umene mukuuona pa chiweto ndi gawo lochepa chabe. Mazira ake amagwera pansi, amaswa m'fumbi ndi m'zitosi, ndipo ana ake amakulira momwemo kudikira. Tizilombo ta mphere natonso timakhala ndi moyo kwa masiku angapo pa mitengo imene mbuzi zimadzikhulapo. Mukachiza kamwana n'kukabwezera pa fumbi lomwelo, mwataya ndalama.

Tsiku losambitsa likhalenso tsiku losesa. Tulutsani mbuzi zonse, palani zitosi mpaka pa dothi lolimba, mukathire kutali padzenje la manyowa. Udzu wogonera ndi zisanza muwotche. Poperani pansi, nsichi, ming'alu ndi pansi pa denga ndi mankhwala omwe aja a cypermethrin pa mlingo wake, kapena thirani madzi owira m'makona ngati mankhwala achepa. Pakauma wazani phulusa kapena laimu. Ngati muli ndi pena pogoneka ziweto, kholalo likhale lopanda kanthu masabata awiri kapena atatu. Agalu amene amagona kunsi kwa khola nawo asambe, ndi amene amasunga utitiri chaka chonse.

Khola la m'mwamba limachepetsa zonsezi kwambiri. Likwere pafupifupi mita imodzi, mipata ya pansi ikhale yoti chala chanu chilowe koma mwendo wa kamwana usalowe, kuti zitosi zizigwa. Kunsi kwake muzisesako sabata iliyonse, chifukwa mulu wa zitosi ukafika pafupi ndi mitengo utitiri umakweranso. Ndipo popeza m'chilimwe mbuzi za mudzi wonse zimadyera limodzi m'mapesi, kambiranani ndi anansi kuti musambitse sabata imodzi, mugawane mtengo wa botolo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chakudya ndi magazi

Nsabwe ndi mphere zimakonda chiweto chanjala. Muona kuti zimabuka kwambiri kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, msipu utauma, tchire litapsa. Kuno tili ndi mwayi wa masamba a mtedza ndi a soya. Musawasiye m'munda kuti moto udye, asungeni pa thandala. Mbuzi yoyamwitsa izipatsidwa madeya odzaza manja awiri patsiku, masamba a lukina kapena gilisidiya ofota pang'ono, nyemba za msangu kumene ulipo, kamchere, ndi madzi tsiku lililonse. Mkaka wa make ndiye umabwezera magazi a mwana. Kamwana koyera m'maso musakatulutse kukayenda mtunda ndi zinzake, kakhale pamthunzi, make azibwera kudzayamwitsa.

Pamene simuyenera kudikira mawa

Kupukusa mutu kwina sikuchokera kukhutu. Kamwana kakatentha thupi, kakumayenda monyamula miyendo m'mwamba ngati kakuponda minga, kakuphethira kwambiri, kakuzungulira, kenako n'kugwa chammbali n'kumapalasa, ganizirani matenda a madzi kumtima aja obwera ndi nkhupakupa ya mawangamawanga. Amapha tsiku limodzi kapena awiri. Oxytetracycline amapulumutsa akabayidwa koyambirira, kutentha kutangoyamba. Wa 20% wokhalitsa m'thupi mlingo wake ndi 1 ml pa makilogalamu 10, mumnofu. Kakagwa kale n'kuyamba kupalasa, mwayi umachepa kwambiri. Mbuzi yabwino kutentha kwake sikupitirira madigiri 40, choncho kachipangizo koyezera kutentha kogula kufamase, kolowetsa kumatako, kamakuuzani zoona msanga kuposa kukhudza mphuno. Mbuzi yosinkhukirapo imene ikungozungulira mbali imodzi kwa masabata osatentha thupi, kawirikawiri imakhala ndi chotupa chamadzi muubongo chochokera ku njoka za m'mimba mwa agalu. Ikaphedwa, mutu wake musaponyere agalu, mukatero mwadzalanso matendawo.

Alangizi a ziweto amapezeka kudzera ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, monga ku Mkanda, Kalulu, Mikundi, Chioshya, Mlonyeni ndi Msitu kuno ku Mchinji, kapena ku Santhe, Chamama, Chulu ndi Kaluluma kwa anzathu a ku Kasungu. Sungani nambala yawo ya foni chiweto chisanadwale. Poimba, nenani msinkhu wa kamwanako, kulemera kwake, chimene mwaona m'khutu ndi pakhungu, ndi mankhwala amene mwapereka kale.

Chiweto chobayidwa chisaphedwe kapena kugulitsidwa kwa achiwaya masiku olembedwa pabotolo asanakwane. Pa ivermectin kawirikawiri amakhala osachepera 28, mabotolo ena amalemba ochulukirapo, ndipo mkaka wa mbuzi yobayidwayo anthu asamwe. Mukafuna kugulitsa pa Khirisimasi, werengerani masikuwo chammbuyo musanabaye.

Mbuzi yogula pamsika, yolandira pa ndondomeko yopatsirana, kapena tonde wobwereka, imangidwe payokha masabata atatu isanalowe m'khola. Tsiku loyamba ipindeni makutu, muigawe ubweya, muione pakati pa ziboda monga munachitira ndi kamwana kaja, muisambitse. Pa ana anuwo, tsiku lobaya jakisoni woyamba lembani deti lobwereza pa chitseko cha khola ndi khala. Likakwana, kayezeninso pa sikelo musanakoke mankhwala, chifukwa kamwana kochira kamakhala katalemerako. Muyang'ane m'mphepete mwa zigamba zija: mukaona tiubweya tatsopano tofewa tikumera, ndipo chikope chayambanso kufiira, bayani wachiwiriyo, musese khola kachiwiri, mulembe deti lina la masiku 14 kuti mudzaonenso.